Singano ili pa hafu koma thanki itauma: nkhani ya Hilux yakale ya 2.8 dizilo

Anzanga a zamagetsi a galimoto ndi amakaniko nonse, nkhani iyi ndi ya Toyota Hilux ya single cab, zija za LN106 za injini yotchedwa 3L, ya malita 2.8 dizilo, zomwe zinkatuluka kuyambira 1988 mpaka cha mu 1997. Inabwera pa galaja mu February 2025 ndi dandaulo loti geji ya mafuta ikunama. Mayina sinditchula, ndingoti mwini wake ndi bambo wina wa geni ya mbewu mbali za ku Dowa, amagula soya, mtedza ndi chimanga m'midzi nkumakagulitsa ku Lilongwe, ndiye ikafika nthawi ya dzinja galimoto yomweyo imanyamula feteleza kupita naye kumidzi. Woyendetsa ndi mwana wa mlongo wawo, mnyamata wofatsa ndithu, ndipo nkhani yonseyi inatsala pang'ono kumuchotsetsa ntchito.

Mmene zinayambira ndi chonchi. Mu January anapakira feteleza m'mawa, bambo aja anasuzumira pa dashibodi galimoto ili kale ndi katundu naona singano ili pa hafu, nati mafuta alipo okwanira pita. Sanapite patali, mnyamata uja akuyimba foni kuti malume galimoto yazima mu msewu wafumbi, thanki yauma. Anatumiza chigubu pa njinga yamoto, anapopa pampu ya pa fyuluta mpaka mphepo inatuluka, inalira. Patapita masabata angapo zomwezo zinachitikanso, katundu ali pamwamba, singano chapakati, injini zii. Mukumbukire kuti ndi nthawi ija mafuta ankasowa, anthu akugona pa mizere, dizilo wa m'zigubu akugulitsidwa mtengo wokwera kwambiri, ndiye maganizo a bambo aja anangopita kumodzi basi, kuti mwanayu akupopa mafuta nkumagulitsa. Hafu thanki ingathe bwanji pa mtunda waufupi chonchi? Mnyamata anakana koma sanamveke.

Kenako makaniko wina anawauza kuti vuto ndi fuloti ya mu thanki, ija ena amati sender. Anakagula ya second hand pa msika wa ma spare, anatsitsa thanki nkuika. Kuyambira pamenepo singano sinkatsikanso pansi pa kota, ndipo tsiku lina galimoto inawazimira eni ake akuyendetsa okha, yopanda katundu, singano ili pa kota. Apa mpamene anabwera nayo kwa ine, ndipo mawu awo anali akuti "amisiri, fuloti yatsopanoyi ndiyo yasokoneza, koma zakale zija ndi mwanayu." Mawu amenewa ndinawasunga m'mutu chifukwa pambuyo pake ndi amene anandiletsa kutulutsa galimoto msanga.

Kwa anyamata amene mukuphunzira ntchito ndifotokoze kaye mmene dongosolo lake lilili, lili ndi zigawo zitatu basi: geji ya pa dashibodi, waya wochoka pa geji kupita ku thanki, ndi fuloti mu thanki yomwe imamaliza njira ya moto kupita ku ethi, kutanthauza chitsulo cha galimoto chomwe moto umabwererapo ku batire. Fuloti ikamakwera ndi kutsika ndi mafuta imasuntha kachitsulo pa resistor, kachipangizo kopinga moto, ndiye ma ohm, muyezo wa kupingako, amasintha. Pa ma Toyota a zaka zimenezi thanki ikadzaza fuloti imapereka ma ohm pafupifupi 3, pa hafu pafupifupi 32 kapena 33, ikauma pafupifupi 110. Tanthauzo lake nlakuti ma ohm ochepa singano imakwera, ma ohm ambiri singano imatsika. Waya akaduka, kapena ethi ikachita dzimbiri, singano imagwa pansi, imaonetsa mafuta ochepa kuposa amene alimo. Koma geji yoonetsa mafuta ambiri kuposa amene alimo ndi nkhani ina, pamenepo ganizani za moto womwe ukuthawira ku chitsulo usanafike pa fuloti, kapena fuloti yomwe ikulephera kutsika mpaka pansi, kapena regulator ya mu dashibodi, kachipangizo koongolera mphamvu ya moto wopita ku ma geji. Izi zikakhala m'mutu mwathetsa kale theka la ntchito, ndipo simungayambe kupala ma ethi pa galimoto yomwe geji yake ikunamira kumtunda. Musaiwalenso kuti si magalimoto onse amayenda chonchi, ambiri akale a kampani ya General Motors (GM) ya ku America ndi 0 ikauma ndi 90 ikadzaza, kutembenuka ndithu, ndiye fuloti siyogula poyang'ana maonekedwe.

Ndinayamba ndi regulator chifukwa siifuna sipanala. Geji ya galimoto iyi ndi ya mtundu wakale wa bimetal, singano imayenda chifukwa kachitsulo kamatenthedwa ndi moto nkumapindika, ndipo regulator yake imadyetsa geji ya mafuta pamodzi ndi ya temperature, ma volt apakati pafupifupi 7. Ikafa nkumadutsitsa moto wonse, kapena ikataya ethi, masingano onse awiri amakwera limodzi. Tinaliza injini mpaka inatentha, singano ya temperature inakhala pamalo pake osasuntha, ndinafunsanso mnyamata uja ngati inayamba yakwerapo modabwitsa, anati ayi. Regulator ndinaichotsa pa mndandanda.

Chachiwiri ndinalowa pansi nkuzula pulagi ya pa fuloti, kiyi pa ON. Singano inatsika pang'onopang'ono mpaka pansi pa E, ndi mmene ziyenera kukhalira. Kenako ndinalumikiza babu loyesera la 3.4W pakati pa waya wa geji ndi chassis, babu linayamba kuphethira ndipo singano inanyamuka kulowera ku F. Chonde anzanga apa gwiritsani babu, chizolowezi chogunditsa wayayo ku chitsulo mwachindunji nkumapita kukasuzumira pa dashibodi mosafulumira chawotcha ma geji ambiri, ndipo geji ya Hilux ngati iyi kuti muipeze yabwino lero ndi ntchito. Pamenepa geji inaoneka yamoyo, waya anaoneka wabwino, chotsala ndi fuloti.

Thanki inali ndi mafuta ochepa ndiye tinasankha kuitsitsa m'malo monyamula bodi. Batire tinachotsa kaye mutu wa negative, ndipo aliyense wa fodya ndi owotcherera a pafupi tinawauza atalikire, dizilo sagwira moto msanga ngati petulo koma thanki yotsegula si malo oseweretsa. Choyamba ndinayang'ana pansi pa thanki ngati inagundidwa ndi mwala nkulowa m'kati, chifukwa pa magalimoto oyenda m'misewu ya kumudzi zimachitika kuti fuloti imakakhala pa chotupa chija nkumati kota pomwe paipi yayamwa zonse. Thanki inali yowongoka. Titatulutsa fuloti ya second hand ija ndinaiyeza pa mita yoyezera ma ohm, fuloti ili m'manja, inayenda bwinobwino kuyambira cha pa 3 mpaka cha pa 110, yamoyo ndithu ndipo ndi ya Toyota. Koma mkono wake unali wautali, inachokera mu thanki yakuya kuposa iyi. Nditaibwezera mu thanki youma nkuyeza, mita inaima cha pa 60, kutanthauza kuti fuloti ikugunda pansi isanamalize ulendo wake, ndipo ma ohm amenewo pa geji ndi kota ija.

Mwayi wake bambo aja sataya zinthu, fuloti yakale inali kuseri kwa mpando yokulungidwa mu jumbo. Nditaiyeza inalibe vuto lililonse, ma ohm akusintha mosadumpha kuchokera pamwamba mpaka pansi, fuloti yeniyeniyo sinabooke, kuigwedeza simumveka mafuta m'kati. Panali tidzimbiri pang'ono pa mutu basi. Chinthu chabwinobwino chinachotsedwa popanda woika mita, ndipo ndalama inapita.

Apa ndiye pamene nkhani inakhotera. Bambo aja anasangalala, anati bwezerani yakaleyo ndizipita, ndili ndi katundu akundidikira. Kunena zoona galimoto ikanatuluka tsiku lomwelo geji ikuoneka bwino, aliyense akanati ntchito yatheka. Koma ine mtima sunakhazikike chifukwa masiku sankagwirizana. Galimoto inauma kawiri fuloti yakale ili m'kati, ndipo fuloti yakaleyo ndangoiyeza ndi yabwino. Zomwe ndapeza zikufotokoza kuzima kwachitatu kokha. Ndiye zatsala ziwiri, mwina mnyamata anabadi mafuta, kapena pali vuto lina lomwe silikuoneka galimoto itaima pa galaja. Ine sindine woweruza milandu ya pabanja, koma sindingalole kuti ntchito yanga isanduke umboni woti munthu ndi wakuba ndisanamalize kuyeza.

Ndinamutengera mnyamata uja pambali malume ake atapita kukagula chakudya. Ndinati achimwene, tandiuzani bwinobwino, singano imeneyi imachita chiyani mukamayenda. Poyamba ankangoti sindikudziwa, kenako anamasuka. Anati ikakhala yopanda katundu geji imanena zoona, koma akapakira matumba singano imayamba kukwera yokha pang'onopang'ono, makamaka mvula ikagwa kapena akadutsa m'matope, ndipo akatsitsa katundu imabwerera. Anati anawauzapo malume koma anamuyankha kuti mafuta sachuluka ndi matumba. Anzanga, woyendetsa ndi amene amakhala ndi galimoto tsiku lonse, mwini wake amangoiona m'mawa ndi madzulo, ndipo mnyamata sangalankhule momasuka pamaso pa amene akumuganizira kuba.

Nzoona kuti pikapu ikalemedwa kumbuyo imakhala pansi ndipo mafuta amapendekeka mu thanki, singano itha kusuntha pang'ono. Koma kuchoka pafupi ndi E kufika pa hafu, kupendekeka sikungachite zimenezo. Ndinaganiza za waya yemwe akupanikizika penapake bodi ikatsika.

Tinabwezera thanki ndi fuloti yakale koma pulagi ndinaisiya yozula dala, kuti fuloti isakhalemo mu nkhani. Kiyi pa ON, singano pansi pa E. Kenako ndinaitana anyamata onse a pa galaja ndi ena a kabaza omwe amaima pa msewu kuti akwere kumbuyo, tinawonjezera injini yakufa yomwe inali pakona, ndipo ndinathira ndowa ya madzi pakati pa kabini ndi bodi kuti zifanane ndi tsiku la mvula. Bambo aja anali atabwera, ndinawapempha akhale pa mpando wa dalaivala ayang'ane okha. Sipanapite nthawi singano inanyamuka, fuloti yosalumikiza, inakwera mpaka kudutsa kota. Anyamata atatsika inabwerera pansi. Bambo aja anangoti "aaa" nkukhala chete.

Kuti nditsimikize ndi manambala ndinazula pulagi ya kuseri kwa dashibodi kuti waya akhale yekha mbali zonse, nkuyeza pakati pa wayayo ndi chassis. Yopanda katundu mita sinkawerenga kanthu, panalibe njira yodutsa moto. Anthu atakwera inayamba kuwerenga cha m'ma 50, ikusinthasintha akamagwedeza. Tsono werengani nane. Thanki ikauma fuloti ili pa 110, pambali pake pali njira yakuba ya 50, ziwirizi zikakhala mbali ndi mbali mumachulukitsa 110 ndi 50 nkugawa ndi 160, yankho ndi 34. Ma ohm 34 pa geji ya Toyota ndi hafu thanki. Ndi hafu yomwe bambo aja ankaona m'mawa galimoto itapakira, pomwe mu thanki munali malita ochepa chabe.

Funso lomwe wophunzira wanga anafunsa, ndipo ndi funso labwino, nlakuti bwanji singano sinkathamangira ku F ngati ndi shoti. Chifukwa sinali shoti yeniyeni ya kopa pa chitsulo choyera, moto unkadutsa mu dzimbiri ndi matope onyowa. Ndipo olo pa mabampu waya akanagunda ndithu kwa kanthawi, geji ya bimetal ndi yaulesi, imafuna nthawi kuti kachitsulo katenthe, ndiye zogunda za mphindi yochepa siziwoneka, imangoonetsa zapakatikati.

Kupeza malo ake kunafuna kumasula mabawuti a bodi nkuinyamula ndi jeke ndi matabwa. Potsitsa thanki paja malowa sankaoneka chifukwa ali pamwamba pa chassis chakutsogolo kwa thanki. Tinapeza kuti chitsulo chopingasa cha pansi pa bodi chinathyokapo kale ndipo chinawotchereredwa, ndiye amene ankawotcherera anachotsa waya mu ma kilipi ake kuti asapse, zomwe ndi zabwino, koma pomaliza sanabwezere. Waya anatsala akudutsa pakati pa chitsulo chopingasacho ndi chassis. Malabala omwe bodi imakhalira anali ataphwanyika, lina kulibiretu, ndiye mpata unatsala wochepa moti katundu akalemera bodi imatsikira pa waya. Chikopa cha waya chinali chitaperepeseka, kopa ali poyera wobiriwira, ndipo pamalo ponsepo panali phala la dothi lofiira losakanikirana ndi fumbi la feteleza lomwe limagwa m'ming'alu ya bodi. Feteleza amakoka chinyezi, amadya chitsulo, ndipo akanyowa amadutsitsa moto ngati madzi amchere. Mu mtolo womwewo waya wa magetsi a kumbuyo anali atayambanso kudyeka, akanatha mwezi wina fyuzi ikanayamba kupsa usiku.

Pokonza sindinafune zokulunga tepi pamwamba pa kopa wobiriwira, dzimbiri limayenda m'kati mwa waya ndipo tepi pansi pa galimoto imamasuka ndi matope. Tinadula mpaka pomwe kopa ali wowala mbali zonse, tinaika chidutswa chatsopano cha saizi yomweyo, kulumikiza ndi soda, mtovu wosungunula uja, nkuphimba ndi heat shrink, kapulasitiki kogwira waya kakatenthedwa, mtolo wonse kulowetsa mu kapaipi ka pulasitiki nkuudutsitsa m'mbali mwa chassis mmene unkadutsira kale, womangidwa bwino kuti usalendewere. Waya wa magetsi a kumbuyo tinamuchitanso chimodzimodzi. Malabala a bodi atsopano sanapezeke pafupi ndipo bambo aja sakanadikira, ndiye tinadula a tayala lakale la lole, okhuthala mofanana onse kuti bodi isapendame. Ndinawauza poyera kuti awa ndi ongogwirizira. Chassis pamalo paja tinapala nkupaka penti.

Pa fuloti ndinapala tidzimbiri ta pa mutu, ndinayeretsa ethi yake, ndipo gasiketi tinaika ya labala yolimbana ndi mafuta. Yemwe anaika ya second hand ija anamata ndi silikoni, tizidutswa tina tinali titagwera kale mu thanki. Silikoni wamba amafewa ndi mafuta ndipo tizidutswa take timakatseka paipi yoyamwa, kenako mumayamba kusaka vuto la galimoto yofooka pa chitunda. Thanki tinaitsitsanso nkuitsuka, munatuluka madzi ndi zinyalala zambiri ndithu, zomwe sizodabwitsa pa galimoto yomwe yakhala ikumwa za m'zigubu. Fyuluta ya dizilo tinasinthanso. Ndinawafotokozera kuti pampu ya injini iyi imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake za m'kati zisakhulane, ndiye kuumitsa thanki kobwerezabwereza ndi kupukusa sitata nthawi yaitali kukhoza kuwabweretsera bilu yoposa ya geji kutalitali.

Fuloti ya second hand ija ena akanangopinda mkono wake kuti ikwane. Zimatheka, ndipo pomwe palibe ina ndi njira ndithu, koma ukapinda kuti E ikhale yoona nthawi zambiri F imasokonekera, ndipo apa panalibe chifukwa poti yake yeniyeni inalipo.

Chomaliza chinali kuyesa ndi mafuta enieni. Thanki youma, galimoto pamalo osapendekeka, tinkathira malita 10 nkudikira singano ikhazikike, kenako ena 10, mnyamata uja akulemba pa kapepala pomwe singano yaima. Izi ndimakonda kuchita pamaso pa mwini galimoto chifukwa geji siigawa thanki mofanana ndendende, ndipo munthu amene amathira mafuta a pang'onopang'ono amafunika adziwe kuti malita 10 amaoneka bwanji pa dashibodi yake. Kenako tinabwereza zija, anthu kumbuyo, injini yakufa, ndowa ya madzi. Singano inangosuntha kachidutswa chifukwa cha kupendekeka basi. Kapepala kaja anakamata kuseri kwa sun visor, ndipo ndinawalangiza kuti akathira mafuta azilemba malita ndi makilomita a pa odomita mu kabuku, onse awiri azisaina, kuti mawa pakakhala kukayikirana pakhale poyambira.

Za pakati pa awiriwo sindinalowerere. Ndinangomva bambo aja akumuuza mnyamata kuti "tiye uyendetse ndiwe", ndipo ponyamuka anandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza kuti maulendo awiri oyamba aja chinali chomwechi. Ndinawayankha kuti zomwe ndingaikire umboni ndi zomwe taona tonse, kuti galimoto ikapakira ndi kunyowa geji inkawonjezera pafupifupi hafu thanki yomwe kulibe, ndipo maulendo onse awiri inali yopakira nthawi ya mvula.

Mvula ya March inapitirira, galimoto ikugwira ntchito m'matope omwewo, sinazimenso. Inabweranso mu May nthawi ya soya kudzasintha oyilo, woyendetsa ndi mnyamata yemwe uja, kabuku kali mu dashibodi kolembedwa ndithu. Ndinalowa pansi kukaona ntchito yathu, waya ali bwino mu kapaipi kake, koma malabala a tayala aja awiri a kutsogolo anali atayamba kale kuphwatalala. Galimoto yopangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, matumba 20 a 50 kg, iwo amaika 30 nthawi zina kuposa. Ndawaitanitsira malabala enieni kwa wogulitsa ma spare ku Lilongwe, ndipo tagwirizana kuti akafika tidzanyamulenso bodi tione ndi chitsulo chowotcherera chija, chifukwa m'mbali mwa mzere wake ndaonamo kamng'alu katsopano.